Mbendera Imene Abusa Sanaletse

Kiyi wa nsanja ya tchalitchi chathu ankasunga ndi a Cyril Outhwaite kuyambira ine ndili mtsikana. Anali kiyi wachitsulo, wamtali ngati supuni yopakulira, ndipo ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini yawo. Chaka chilichonse pa 23 Epulo, tsiku la George Woyera, nkhoswe ya England amenenso tchalitchi chathu cha ku Skelbeck chinatengera dzina, a Cyril ankakwera masitepe 74 a nsanjayo kukakweza mbendera yoyera ya mtanda wofiira. Palibe amene anawatuma. Anayamba chaka chimene bambo awo anathyoka mwendo kumgodi wa miyala, ndipo sanasiyenso.

Ine ndine Marjorie Thackray. Ndinaphikira ana a sukulu zaka makumi atatu, ndipo nditapuma pantchito anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, osati chifukwa cha kuyera mtima ayi, koma chifukwa panalibe wina woufuna udindowo. Lamlungu tikachuluka timakwana makumi awiri, ambiri a ife oyendera ndodo. Anthu ena onse a m'mudzimu tchalitchi amachikonda ali panja. Amafuna belu lizilira, wotchi ya pansanja iziyenda, ndipo akamwalira tiwatsegulire chitseko.

Chaka cha m'mbuyo mwake ndi ine ndekha amene ndinawaona a Cyril akutsika pansanja. Ndinkakonza maluwa kuguwa pamene ndinamva kachitseko ka nsanja kakutseguka. Anangoti khwachaa pasitepe yomaliza, nkhope itatuwa ngati phulusa, milomo itada, dzanja lili pachifuwa. Ndinathamanga ndi madzi a maluwa, poti ndi amene anali pafupi.

"Usandithire zimenezo, sindine duwa ine," anatero atapezako mpweya. "Ndipo ukangouza munthu, ndiuza mudzi wonse kuti unkaba maapozi kwa a Dent uli kamwana."

Sindinauze munthu. Koma chaka chonse zimene ndinaonazo sizinandichoke m'maso. A Cyril ndi amene ananyamula kumutu bokosi la mwamuna wanga Len, ndipo chilimwe chonse chotsatira ankabwera Lachinayi lililonse kudzatchetcha udzu pakhomo panga, osanena kanthu, osalandira ngakhale tiyi. Tsopano anali ndi zaka 84. Sindinkafuna kudzawapeza atagwa m'masitepe amdima aja.

Isitala itangodutsa, abusa athu anatenga tchuthi cha sabata imodzi kukaona makolo awo ku Leicester. Abusa Leela Kurian anali atakhala nafe zaka ziwiri. Anali mayi wa zaka 38, wamfupi, woseka mokweza, ndipo ankazungulira matchalitchi anayi pakagalimoto kofiira kolira ngati thirakitala. Makolo awo anachokera ku India iwo asanabadwe. Panali anthu angapo m'mudzi amene ankawafunsabe ngati azolowera kuzizira, chonsecho anabadwira ulendo wa maola atatu okha kuchokera kwathu.

Lachiwiri la sabata imeneyo ndinaphika masikono n'kupita kwa a Cyril. Ndinawapeza atayala mbendera patebulo, akusoka pamene panang'ambika, magalasi atatsikira pamphuno.

"Wabwera ndi masikono, ndiye kuti pali mlandu," anatero. "Khala pansi, mwana wa Arnold. Kapena usakhale, ketulo ili apoyo, manja uli nawo."

Ndinateleka tiyi. Ndinayamba ndi za mvula, kenako za bondo langa, kenako ndinafika.

"A Cyril, bwanji chaka chino mbendera akakweze Gavin?"

Gavin anali mdzukulu wawo, bambo wa zaka makumi anayi, woyendetsa lole.

"Gavin? Amene nsapato zake amagula zopanda zingwe poopa mfundo? Chabwino, akwere. Ndikwera naye ndikamuonetse mamangidwe ake."

"Ayi, ndimati inuyo mukhale pansi."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ukufuna kunena chiyani kwenikweni, Marjorie?"

Pamenepo m'pamene ndikanalankhula. Sanali mawu ambiri: mwakalamba, mtima wanu watopa, ndikuopa. Koma ndinayang'ana manja awo pambendera paja, singano ili pakati pa zala zotupa. Pakamwa panga panapulumuka zina.

"Si ine ayi. Ndi abusa. Akuti chaka chino mbendera isakwezedwe n'komwe."

"Chifukwa?"

"Akuti masiku ano anthu ena amaiona mwina mbenderayi. Akuti imakhumudwitsa ena."

Sindikudziwa kumene ndinazitola. Mwina pawailesi, poti nkhani zoterezi zimabuka chaka chilichonse Epulo akafika. Ndinkaganiza kuti a Cyril ang'ung'udza masiku awiri n'kugonja, chifukwa anali a m'badwo umene sutsutsana ndi kolala ya m'busa. Ndinkaganizanso kuti abusa akabwera Loweruka ndikawafotokozera, tiseka, n'kupeza pothawira.

A Cyril anamaliza kusoka, anadula ulusi ndi mano, n'kupinda mbenderayo bwinobwino. Kenako anapita kuseri kwa chitseko, anachotsa kiyi pamsomali n'kumuika pambali pa mbale ya masikono.

"Kampatse mwini wake," anatero.

Sikono sanaikhudze.

Lachitatu a Cyril anakadandaula kumalo omwera mowa, monga amachitira munthu aliyense wa ku Skelbeck akakhala ndi nkhani kukhosi. Gavin anawajambula pafoni atakumbatira mbendera yopindayo, n'kulemba pa intaneti kuti m'busa waletsa mbendera ya England patchalitchi cha George Woyera. Ine za intaneti sindizitsata. Ndinangomva kwa oyandikana nawo kuti chithunzi cha a Cyril chafika mpaka ku Australia, ndipo ndinaseka nawo. Lachisanu kunafika mtolankhani wa nyuzipepala ina yaikulu ya ku London, ndi mnzake wojambula amene anagona chafufumimba pamanda kuti nsanja ioneke yaitali.

Loweruka m'mawa ndinapita kusitolo kukagula mkaka. Brenda, mwini sitoloyo, anali atayala nyuzipepala pakauntala, ndipo anthu anayi anali atawerama. A Cyril anatenga theka la tsamba. Pakona panali kachithunzi ka abusa akumwetulira, ndi mzere umodzi wonena kuti ataimbiridwa foni anakana zoti akudziwapo kanthu.

"Tamva apa, Marjorie," anatero Brenda, chala chili pansi pa mawu. "Amufunsa mkulu uja kuti anamuuza ndani. Akuti, 'Anandiuza munthu amene ndamudziwa kuyambira ali khanda, ndipo sananamepo. Dzina lake sindikupatsani.' Ndani ameneyo? Iwe suli m'komiti?"

"Komiti sinakambepo zimenezo," ndinatero, ndipo zimenezo zokha zinali zoona.

"Ndiye kuti mayiyo anangolamula yekha. Ndinanena ine."

Mkaka ndinauiwala pakauntala. Nditafika kunyumba ndinabisa kiyi uja m'dirowa ya nsalu za patebulo ngati kuti wina abwera kudzasecha. Katatu ndinatenga foni kuti ndiimbire abusa. Katatu ndinaibweza, ndikudziuza kuti nkhani zotere zimafuna kuonana maso ndi maso.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi, koma ambiri sanatsegule buku la nyimbo. Anakhala kumbuyo atapinda manja. Asanayambe mapemphero, abusa anaima kutsogolo opanda pepala.

"Sindinaletse mbendera," anatero. "Sindinaziganizepo n'komwe. Lachinayi idzakwezedwa monga zaka zonse, ndipo ndingasangalale ataikweza a Outhwaite."

"Mwaona kwatentha ndiye mwatembenuka!" anafuula bambo wina kumbuyo, munthu amene ndinamuona komaliza m'tchalitchimo tsiku la ubatizo wake. Ena anaombera m'manja. Malo a a Cyril, benchi yachitatu kumanzere, anali opanda munthu.

Ndinanena nawo pemphero loulula machimo, mawu onse osadumpha. Ndinagwada kuguwa n'kulandira Mgonero kuchokera m'manja mwawo. 

Anthu atatuluka, anandiitanira kukachipinda kovalira. Maso awo anali ofiira. Foni yawo inali patebulo ikungonjenjemera, mpaka anaivundikira ndi buku.

"Akukulemberani zotani?" ndinafunsa.

"Kuti ndibwerere kwathu. Mmodzi ndamuyankha kuti ndangochokako dzulo, ku Leicester kukugwa mvula." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Mayi Thackray, inu mumadziwa aliyense kuno. Ndani angawauze a Outhwaite zoterezi? Ndinapita kwawo dzulo madzulo, sananditsegulire."

Tinali awiriwiri. Chitseko chinali chotseka. Panalibe chondiletsa.

"Sindikudziwa, abusa," ndinatero. "Mwina sanamve bwino. Makutu awo aja mukuwadziwa."

Bodza loyamba lija ndinkatha kulitcha chifundo. Ili linalibe dzina lina. Ndinanamizira m'busa pamaso pa nkhalamba, tsopano ndinanamizira nkhalambayo pamaso pa m'busa, ndipo abusa anandigwira paphewa n'kundithokoza chifukwa choima nawo.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza pakachitseko ka nsanja, mbendera ina yakale ya m'kabati ili kukhwapa, akuimbira foni munthu wothyola maloko. A Cyril anali atatumiza mawu kudzera mwa Gavin kuti sabwera ndipo kiyi alibe.

"Musamuitane," ndinatero. "Kiyi ali ndi ine."

Ndinamutulutsa m'chikwama. Abusa anayang'ana kiyiyo, anayang'ana ine. Anatsegula n'kukwera okha.

Cha m'ma teni koloko kunafika maminibasi atatu kuchokera kutauni. Munatuluka amuna atafunda mbendera m'mapewa, zitini za mowa zili m'manja, ena atadzipaka mtanda wofiira kumaso. Anadzaza m'manda, kukhala paziliza, kuimba nyimbo za kumpira. Ataona mbendera ikupepesuka pamwamba anakuwa kuti apambana, kuti mayi uja wagwada. Mmodzi anandifunsa kumene kuli chimbudzi, n'kunditcha agogo mwaulemu ndithu. Nditamufunsa ngati alowa nawo mapemphero a masana, anandiyang'ana ngati ndamuitanira kwa dokotala wa mano. Pamapempherowo tinalipo asanu ndi mmodzi.

Maminibasi atachoka, zinapezeka kuti wina wajambula mtanda waukulu ndi penti wofiira pachitseko cha nyumba ya abusa, ndipo pagalimoto yawo walemba mawu amene sindiwabwereza. Apolisi anabwera, anajambula zithunzi, anapita. Ine ndinatenga ndowa, maburashi awiri ndi botolo la mafuta ochotsera penti. Ndinawapeza abusa atayamba kale ndi chinkhupule cha mbale, atapinda manja a malaya.

Tinayamba kukwecha limodzi. Penti ankasungunuka n'kuyenderera pansi, kudetsa mwala wa pakhomo.

"Mukulidziwa dzina la bambo anga?" anafunsa mwadzidzidzi. "Ndi a George. Agogo anganso anali a George. Kumudzi kwawo ku Kerala, ku India, tchalitchi chake ndi cha George Woyera, ndipo chikondwerero chake chimatha sabata yathunthu, ndi ng'oma, ndi maambulera amitundumitundu. Atamva kuti andipatsa parishi ino bambo analira, akuti woyera wathu wakuitana. Dzulo andiimbira kundifunsa ngati n'zoona kuti ndaletsa mbendera yake."

Ndinapitiriza kukwecha malo amodzimodzi, pomwe panali patayera kale.

"Kiyi uja a Outhwaite anakupatsani liti, mayi Thackray?"

"Lachiwiri la sabata yatha."

"Ndimaganiza choncho."

Ndiye ndinanena zonse, za sitepe yomaliza ija, za milomo yakuda, za masikono, za singano. Ndinalira, ndipo ndinachita manyazi ndi kulirako, chifukwa chitseko chopakidwa penti sichinali changa. Iwo sanasiye kukwecha.

"La Lachiwirilo ndikulimvetsa," anatero. "Koma Lachitatu munali kuti? Lachisanu? Nanga Lamlungu, pamene ndinakufunsani tili awiri?"

"Ndinkaopa."

"Inenso ndikuopa. Masiku ano ndikugona nditatchingira chitseko ndi mpando."

"Mukanena kuguwa Lamlungu?"

"Ine ayi. Ndikanena ine, ati mmwenye uja wapeza nkhalamba yoisenzetsa mlandu. Katunduyu ndi wanu, mumutule nokha." Anaviika burashi m'ndowa. "Ndine m'busa wanu, ndipo ndikudziwa zimene ndiyenera kukuchitirani. Koma musandipemphe lero. Pitani kunyumba. Pentiyu ndimaliza ndekha."

Mungaganize kuti ndinalunjika kwa a Cyril nthawi yomweyo. Sindinatero. Lachisanu ndinachapa makatani onse a m'nyumba. Loweruka m'mawa ndinapita kumsika wa kutauni kukagula zinthu zimene ndinali nazo kale. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine ndinali nditamupitirira. Loweruka masana m'pamene ndinavala chikhoti n'kutsika msewu, chimanjamanja, wopanda masikono.

Ndinawapeza kudimba kuseri kwa nyumba, akubzala mbatatesi. Ankawerama pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira fosholo.

"Wawaona alendo ako a Lachinayi?" anatero osatembenuka. "Wina wakodzera chiliza cha amayi anga. Gavin ndamuuza kuti foni yakeyo ndidzaikwirira limodzi ndi mbatatesi. Ine ndimafuna mbendera, osati zitsiru."

"A Cyril, abusa sanaletse kanthu."

"Atero tsopano."

"Sanaletse ndi kale lomwe. Ndinapeka ndine. Sankadziwa n'komwe kuti ndabwera kuno."

Anadzuka pang'onopang'ono. Mbatatesi imene inali m'manja anaiika m'thumba la jekete, ngati aiwala ntchito yake.

"Bwerezanso."

Ndinabwereza, ndipo ndinawauzanso chifukwa chake, mawu aja amene anandikanika kukhitchini. Tsopano anatuluka mosavuta, moti ndinadabwa kuti ndinkaopa chiyani.

"Umayesa sindikudziwa kuti ndakalamba?" anatero. "Ndimapuma kawiri pokwera kukagona m'nyumba mwangamu. Ukanandiuza ndikanakutukwana, mwina ndikanakuponyera sikono, kenako ndikanakupatsa kiyi. Basi. Zikanathera pomwepo."

"Pepani."

"Ndinalumbira pa dzina lako pamaso pa dziko lonse, Marjorie. Ndinati sunanamepo." Analoza chitseko cha nyumba yawo. "Mwana uja anabwera pakhomo panga mvula ikugwa. Anagogoda katatu, akuitana, 'A Outhwaite, ndine Leela.' Ine ndili kuseri kwa katani ngati mbala. Zaka 84, sindinatsekerepo munthu chitseko."

Anasiya fosholo ili chiimire n'kulowa m'nyumba. Ndinadikira pabwalo, osadziwa ngati andithamangitsa kapena ayi. Patapita kanthawi anatuluka atasamba m'manja, atavala tayi ndi jekete ya kutchalitchi, chipewa chili kumutu.

"Mukupita kuti?"

"Kukapepesa."

"Ndikuperekezeni."

"Iwe ayi. Zako ukanena mawa, pamaso pa anthu."

Ndinaima pageti n'kumawayang'ana akukwera msewu, akupuma pamtengo uliwonse wa magetsi. Atafika pachitseko chija, chimene chinali chikuonekabe chofiirira, anavula chipewa asanagogode. Zimene zinandikanika ine masiku khumi ndi limodzi, iwo anazichita lisanathe ola.

Lamlungu tinalipo khumi ndi asanu ndi awiri. Opinda manja aja sanabwerenso, nkhani kwa iwo inali itatha. A Cyril anakhala pamalo pawo. Zolengeza zitatha ndinaimirira, ndinagwira benchi ya kutsogolo kwanga n'kunena. Ndinali nditalemba papepala koma sindinathe kuliwerenga, choncho ndinangonena mmene zinachitikira. Ndinati abusa sanalakwe kanthu, a Cyril anamva bwinobwino, wabodza ndine.  Kenako mayi Dent, amene samva khutu limodzi, anafunsa mokweza kuti, "Akuti wabodza ndani?" ndipo ndinayenera kubwerezanso.

Ndinkayembekezera kuti anthu andida. Chimene chinandipweteka n'chakuti sanandide. Pofika Lolemba mudzi wonse unali utamva, ndipo Brenda anandigwira dzanja pakauntala.

"Usadzizunze, Marjorie. Unkafunira mkulu uja zabwino. Aliyense akanatero."

"Nanga abusa?"

"Eee, zinawavuta, inde. Komabe pena pake ziliko. Anthu sakanakhulupirira msanga chonchija pakanapanda kanthu."

Ine, amene ndinanama, anandikhululukira tsiku limodzi. Iwo, amene sananame, anatsala ndi "komabe" ameneyo.

Ndinaimbira foni nyuzipepala ija. Mtsikana wina waulemu anati andiimbiranso. Ndinalemba kalata, kenako ina. Patatha mwezi anaika mizere itatu pansi pa tsamba lam'kati, pafupi ndi za nyengo, yonena kuti panali kusamvana. Gavin anafufuta chithunzi chija n'kulemba zoona zake, ndipo anabwera yekha kudzandiuza, akukanda kumutu, kuti aziwerenga anthu makumi anayi. Choyamba chija chinali chikuyendabe m'mafoni a anthu amene sadzamva konse za ine. Ndinatula pansi udindo wanga, koma panalibe woutola, moti ndinapitiriza kutsegula ndi kutseka tchalitchi ngati kale.

A Cyril sanasiye kundilankhula. Ankandipatsa moni pakhomo la tchalitchi, ankandifunsa za bondo. Koma ankati "mayi Thackray", ndipo ankanditchula kuti inu.

Makalata otukwana anapitiriza kufika kwa abusa chilimwe chonse. Kukachitika chilichonse m'dziko chokhudza mbendera kapena alendo, chithunzi chawo chinkatulukanso. Iwo ankagwira nane ntchito bwinobwino. Tinakonza limodzi chikondwerero cha zokolola, anandiyendera nditadwala chifuwa. Koma kuseka kwawo kokweza kuja sindinakumvenso m'tchalitchi. Mu Okutobala analengeza kuti apeza ntchito ya ubusa pachipatala china chachikulu mumzinda. Anati akhala akuifuna kuyambira kale. Mwina zinali zoona.

A Cyril anamwalira mu Febuluwale, atakhala pampando wawo masana, wailesi ikulira. Anasiya pepala lonena nyimbo zimene ankafuna ndi m'busa amene ankafuna, choncho abusa Kurian anabwera pabasi kudzawaika. Anali ataonda pang'ono ndipo anameta tsitsi. Analalikira mwachidule za munthu amene ankadziwa kuvula chipewa, ndipo ochepa okha tinamva chimene ankatanthauza.

Anthu akumwa tiyi kuholo, anandipempha kuti ndiwaperekeze pokwerera basi, poti ndandanda yake inali itasintha. Kunkazizira kwambiri. Tinaima m'kakhumbi kaja, manja ali m'matumba.

"Ankandilembera mwezi uliwonse," anatero. "Tsamba limodzi. Za nkhosa, za mvula, za amene wamwalira. Inunso munkatchulidwa."

"Ankati chiyani?"

"Kuti mukuonda, ndipo wina akuuzeni muzidya."

 Patapita kanthawi ndinafunsa ngati makalata ena aja anasiya.

"Achepa. Amafikira kuofesi, mlembi amayamba wawatsegula. Ndi bambo wina wamkulu thupi, amati amawawerenga akafuna kudzikwiyitsa asanapite kolimbitsa thupi."

"Malo anu akadali opanda munthu, abusa. Bishopu akuti palibe amene wafunsira. Mapemphero tikuchita kamodzi pamwezi tsopano, amabwera m'busa wopuma wa ku Ripon."

"Ndinamva."

"Simungabwerere?"

Anandiyang'ana mofatsa, popanda mkwiyo. "Ayi, mayi Thackray. Ndinkawakonda malo ano. Koma ayi."

Basi inatulukira pakona. Anandigwira mkono, anandiuza kuti ndisaime pamphepo, n'kukwera. Anakhala mbali ya kumsewu, moti sindinawaone basi ikunyamuka.

Ndinabwerera kuholo. Anthu anali atayamba kuvala zikhoti, ndipo pakhomo amuna awiri ankadandaula kuti akuluakulu a mpingo autaya mudzi wathu, kuti masiku ano ngakhale m'busa woika maliro timachita kubwereka. Mmodzi anandifunsa ngati si zoona. Ndinamuuza kuti m'busa tinali naye, ndipo akudziwa bwino amene anamuchotsa. Iye anaseka, anandisisita pamsana n'kunena kuti ndimadziimba mlandu mopyola. Ndinapita kukhitchini, ndinapinda manja a bulauzi n'kuyamba kutsuka makapu.